Kachitsulo kakuti 2NZ, makaniko akuti 1.5: kodi m'Probox yangayi muli injini iti?

MayiWaTomato
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za galimoto. Ndagula Toyota Probox kwa bambo wina wa ku Karonga kuti izindithandiza kunyamula tomato ndi mbatata kuchokera ku Jenda kubwera nazo kuno ku Mzuzu. Wogulitsayo anandiuza kuti injini yake ndi ya 1.5, ndipo mtengo tinagwirizana poganizira zimenezo. Koma mwana wanga atatsegula boneti anapeza kachitsulo kokhomedwa pakhoma la kumbuyo kwa injini. Pamzere wa MODEL palembedwa CBE-NCP50V ndi zilembo zina zotsatira, ndipo pamzere wa ENGINE palembedwa 2NZ-FE 1298 mL. Iye akuti zimenezi zikutanthauza 1.3, ndiye kuti andipusitsa. Makaniko amene ndinamupatsa galimotoyi waiyendetsa kukafika pa Dunduzu n'kubwerera, ndipo akulumbira kuti mphamvu imeneyi si ya 1.3. Kodi ndikhulupirire ndani? Ndikufuna kugula masipeyala a sevisi, koma sindikudziwa dzina la injini loti ndikatchule pa shopu.

Dalaivala_M1
Mwana wanuyo wawerenga bwino, mayi. NCP50V ndi Probox ya 1.3. Ya 1.5 imalembedwa NCP51V, ndipo ya 1.5 yokoka matayala onse anayi imalembedwa NCP55V. Kachitsulo kameneko anakhoma ndi eni ake ku fakitale ndipo sikanama. Bwererani kwa wogulitsayo akakubwezereni ndalama ina.

Sipanala_Luwinga
Achimwene a Dalaivala_M1, musafulumire kuwatumiza mayiwa ku Karonga. Ndikuvomereza kuti kachitsulo sikanama, koma kamangonena za tsiku limene galimoto inatuluka m'fakitale. Kali ngati khadi la kusikelo, limene limasunga kulemera kwa mwana pobadwa koma silingakuuzeni mmene akulemerera lero atakula. Probox ya mtundu umenewu inayamba kupangidwa mu 2002, ndiye taganizirani zaka zimene yayenda ku Japan ndi kuno kwathu, komanso manja a anthu amene yadutsamo.

Injini imene ilimo lero imadziwika ndi nambala yodindidwa pa buloko lenilenilo. Mayi, muuzeni makaniko wanuyo afufuze kamalo kosalala pa buloko, kamene pa injini zoterezi kamakonda kupezeka chakumene injini ikumana ndi giyabokosi. Apukute oyilo ndi matope ndi kansanza konyowetsa parafini, kenako aunike ndi tochi chapambali, osati molunjika, kuti zilembo zodindidwazo zichite mthunzi. Zilembo zoyambirira zikhala 1NZ kapena 2NZ, kenako manambala a injiniyo. Pokhapo m'pamene nkhaniyi ithere, chifukwa 1NZ ndi 2NZ zimafanana kwambiri pongoziyang'ana. Kukula kwa mabowo a mapisitoni n'chimodzimodzi, mamilimita 75. Zimasiyana pa kutalika kwa ulendo wa pisitoni, umene pa 1NZ ndi mamilimita 84.7 pomwe pa 2NZ ndi 73.5, ndipo zimenezo maso sangazione boneti itangotsegulidwa.

WaZigwagwa
Ine ndimagulitsa masipeyala ndipo nkhani zoterezi ndimakumana nazo kawirikawiri. Munthu amangofika n'kunena kuti akufuna gasiketi ya Probox yoyera. Ukamufunsa injini, amakuyankha kuti ndi VVT-i, chifukwa ndi zimene zalembedwa pa chivindikiro cha pamwamba. Chivindikiro chimenecho sichithandiza konse, popeza mawu amenewo amapezeka pa injini zambirimbiri za Toyota, ndiponso ndi chinthu chongomasula mabawuti n'kuika pa injini ina.

Chiweta77
Koma si zoti nambala yoyamba ya m'dzina la injini imanena kuchuluka kwa masilinda kapena malita? Ine ndimadziwa kuti 4D56 ya Mitsubishi ili ndi masilinda anayi.

MlangiziWaGalaja
Pa Mitsubishi mwalondola, bambo, ndipo pa Isuzu ndi chimodzimodzi: 4JA1 ndi 4JB1 zili ndi masilinda anayi monga nambala yoyambayo ikunenera. Vuto limabwera munthu akatenga kawerengedwe ka kampani ina n'kukagwiritsa ntchito pa kampani inzake. Pa Toyota nambala yoyamba siikhudzana ndi masilinda kapena malita. Imangosonyeza kuti injiniyo ndi yachingati m'banja lake. N'chifukwa chake 5L ya m'maminibasi ili ndi masilinda anayi ndipo ndi ya 3.0, 2L ndi ya 2.4, pamene 1HZ ya mu Land Cruiser ndi Coaster ili ndi masilinda asanu ndi limodzi ndipo ndi ya 4.2. Musaganizenso kuti nambala ikakwera injini yakula. Pa banja la L zimayenda choncho, koma pa banja la NZ n'zotembenuka, 1NZ ndi ya 1.5 pomwe 2NZ ndi ya 1.3. Pa banja la KD nakonso 1KD ndi ya 3.0 pomwe 2KD ndi ya 2.5.

Zilembo zotsatira nambalayo ndi dzina la banja, monga NZ, ZZ, AZ, KD kapena L. Zimene zili kuseri kwa kamzere zimafotokoza kapangidwe. F imasonyeza mutu wa makamushafuti awiri wopangidwira kusunga mafuta, G ndi mutu wa makamushafuti awiri wopangidwira liwiro, E imasonyeza kuti mafuta amaperekedwa ndi ma injector oyendetsedwa ndi kompyuta, T ndi turbo, ndipo V pa injini za dizilo monga 2KD-FTV imasonyeza common rail, njira yoperekera dizilo ku ma injector onse kudzera m'paipi imodzi, imene ambiri amaitchula kuti D-4D. Chilembo chofunika kuchiyang'anitsitsa kwa ife ogula galimoto zakale ndi S. Noah kapena Voxy ya AZR60 ili ndi 1AZ-FSE, imene imapopera petulo mwachindunji mu silinda kudzera pa pampu yamphamvu kwambiri, ndipo masipeyala ake a mafuta sagwirizana ndi a 1AZ-FE ngakhale mayinawo asiyana chilembo chimodzi chokha. X ya mu 1NZ-FXE ndiye ya galimoto za hybrid monga Prius yakale ndi Aqua. Munthu akagula 1NZ-FXE poganiza kuti ndi 1NZ-FE yotsika mtengo, wataya ndalama zake.

Nissan ndiyo yosavuta, chifukwa imalemba kukula kwa injini m'dzina momwemo. HR15DE ya mu Note ndi Tiida ndi ya 1.5, QG18DE ndi ya 1.8, TD27 ya mu Caravan yakale ndi ya 2.7.

Chiweta77
Zikomo akulu, zamveka bwino. Ndiye kuti Hilux yanga ya KUN25 ili ndi injini ya banja la KD?

MlangiziWaGalaja
Inatuluka m'fakitale ndi 2KD-FTV, pamene KUN26 inatuluka ndi 1KD-FTV. Pa nambala ya mtundu wa galimoto, Toyota imayamba ndi chizindikiro cha banja la injini, kenako cha thupi la galimoto. NZE121 ndi Corolla ya 1NZ, ZZE122 ndi Corolla yomweyo koma ya 1ZZ ya 1.8, NZT240 ndi Premio kapena Allion ya 1NZ, Hiace yoyamba ndi LH ili ndi injini ya banja la L, yoyamba ndi KDH ili ndi ya KD, ndipo yoyamba ndi TRH ndi ya petulo ya banja la TR. Pa Vitz yachiwiri, KSP90 ili ndi 1KR-FE ya masilinda atatu, SCP90 ili ndi 2SZ-FE, ndipo NCP91 ili ndi 1NZ-FE. Onani kuti NCP payokha imangotiuza banja la NZ. Manambala otsatirawo ndi amene amasiyanitsa 1NZ ndi 2NZ, monga a Dalaivala_M1 anenera pa 50 ndi 51.

Dalaivala_M1
Ndiye tonse tikugwirizana kuti galimoto ya mayiwa ndi ya 1.3. Za makaniko kumva mphamvu ndi phazi ine sindizikhulupirira. Probox yopanda katundu imathamanga ngakhale ikhale ya 1.3. Akaiyese itadzaza madengu a tomato pa zitunda za ku Chikangawa, kenako adzatiuze.

Sipanala_Luwinga
Tikugwirizana kuti inabadwa ya 1.3. Zoti idakali ya 1.3 sitinagwirizane. Tidikire nambala ya pa buloko.

MdalaWaHiace
Ana inu, mverani zimene akunena a Sipanala. Ife a maminibasi nkhani imeneyi inatiphunzitsa kalekale. Hiace zambiri zimene zikuyenda pakati pa Mzuzu ndi Karonga kapena Nkhata Bay sizili ndi injini zimene zinabwera nazo. Injini ikafa mwini wake sasankha, amaika imene yapezeka bola ikhale pa mipando yake. Yanga kachitsulo kamanena 3L, ndipo itapsa gasiketi ya mutu mnyamata wanga anakagula ya 3L monga mwa kachitsuloko. Poiika pa buloko mabowo ake anachepa. Titapala dzimbiri tinapeza kuti injiniyo ndi 5L. Mabowo a 3L ndi mamilimita 96 pomwe a 5L ndi 99.5, ndipo a 2L ndi 92, koma kunja kwake zitatu zonsezi zimaoneka ngati chinthu chimodzi. Wa shopu anakana kulandiranso gasiketiyo chifukwa pepala lake linali litang'ambidwa kale, ndipo sindingamunene, kulakwa sikunali kwake.

Ndiwonjezere za lamba wa taimingi. Injini za L, 1KZ ndi KD zimayendera lamba, ndipo pa L lamba ameneyu amafunika kusintha pa makilomita 100,000. Koma injini ikakhala yochita kuikamo, makilomita a pa dashibodi sakuuzaninso kanthu za lambayo, chifukwa wotchiyo ndi ya galimoto, si ya injini. Ukazindikira kuti injini inasinthidwa, sintha lamba nthawi yomweyo osadikira nyali ya T-BELT ya pa dashibodi, yokumbutsa kusintha lambayo. Mayiwa ali ndi mwayi chifukwa banja la NZ limayendera tcheni.

WaZigwagwa
Madala, wa shopu ameneyo sanali ine, koma ndikanachitanso chimodzimodzi. Gasiketi yotsegula kale ndingamugulitse ndani?

Namwali_Katoto
Pepani ndilowererepo ndi funso langa, popeza likufanana ndi la mayiwa. Ndinafuna kufufuza Sienta yanga pa intaneti, koma paliponse akufuna nambala ya zilembo 17, pamene yanga ndi NCP81 kenako kamzere ndi manambala asanu ndi awiri okha. Kodi ndiye kuti nambala yanga inadulidwa kapena galimotoyi ndi yokayikitsa?

EjentiWaSongwe
Musade nkhawa, achemwali. Galimoto zopangidwira msika wa m'dziko la Japan momwemo sizikhala ndi nambala ya zilembo 17 imeneyo, yotchedwa VIN. Zimakhala ndi nambala ya chasisi monga yanuyo: mtundu wa galimoto, kamzere, kenako manambala. Galimoto zambiri zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe ndi zoterezi. VIN ya zilembo 17 mudzaipeza pa galimoto zopangidwira misika ina, monga zochokera ku South Africa, ku UK kapena zogulidwa zatsopano kuno. Zilembo zake zoyambirira zimanena kumene galimoto inapangidwa: JT ndi Toyota ya ku Japan, AHT ndi Toyota ya ku Durban, MR0 ndi Toyota ya ku Thailand. Izi zimathandiza pa Hilux, chifukwa ya ku Durban ndi ya ku Thailand zimasiyana pa tinthu tina. Mu VIN simupezeka zilembo I, O ndi Q, ndiye mukaona ngati O dziwani kuti ndi ziro.

Kwa mayi a Probox, palinso pepala limene palibe amene walitchula. Tengani blue book muone nambala ya injini ndi kukula kwake kumene kunalembedwa. Msonkho wa MRA pa galimoto yolowa m'dziko umatengera mwa zina kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo, choncho zimene zinalembedwa polowa ndi zimene zinapitanso ku Road Traffic. Nambala zitatu ziyenera kugwirizana: ya pa kachitsulo, yodindidwa pa galimoto ndi pa injini, ndi ya m'mapepala.

Chiweta77
Ndinamva kuti chilembo cha nambala 10 mu VIN chimanena chaka. Ndipo CBE ya pa kachitsulo ka mayiwa si chaka chimenecho?

EjentiWaSongwe
Chilembo cha nambala 10 chimanena chaka pa galimoto zopangidwira ku America, kumene lamulo limafuna choncho. Kwina makampani ena amatsatira, ena satsatira, ndiye musachidalire pa Toyota ya ku Durban kapena ya ku Thailand. Za CBE, zilembo zimenezo zimanena malamulo a utsi a ku Japan amene galimotoyo inakwaniritsa. CBA, DBA, CBE ndi DBE ndi za malamulo a 2005, ndipo A ndi ya galimoto zonyamula anthu pamene E ndi ya timavani tonyamula katundu monga Probox. Zakale kuposa pamenepo zimayamba ndi TA, UA, GF kapena E yokha. Zimakupatsani nyengo chabe, osati chaka chenicheni, koma n'zokwanira kumugwira munthu amene akukugulitsani galimoto ya TA n'kumati ndi ya 2012. Chaka chenicheni chili pa pepala lotulutsira galimoto ku Japan, ndipo kansalu kosokedwa kumunsi kwa lamba wa pampando kamakhalanso ndi chaka chimene lambayo anapangidwa.

Namwali_Katoto
Mtima wanga wakhala pansi. Ndafufuza kansaluko ndipo chaka chake chikugwirizana ndi blue book.

WaMawaya_Katawa
Popeza mwatchula Sienta, achemwali, werenganinso mzere wa TRANS/AXLE pa kachitsulo komweko musanasinthe oyilo wa giyabokosi. Pa Toyota zazing'onozi, nambala yoyamba ndi U, monga U340E, ndi otomatiki wamba, yoyamba ndi K ndi CVT, otomatiki yopanda magiya owerengeka, ndipo yoyamba ndi C ndi ya manyuwo. Sienta ya NCP81 ili ndi CVT, pamene ya NCP85 yokoka matayala onse ili ndi otomatiki wamba wa magiya anayi. Ma Sienta ambiri a taxi a ku Ekwendeni ndi ku Nkhata Bay amafa giyabokosi chifukwa chothira ATF, oyilo wa otomatiki wamba, mu CVT, kuwonjezera pa kunyamula anthu opitirira muyeso. Mzere wa COLOR nawonso uli ndi ntchito yake kwa openta: 040 ndi yoyera wamba, 070 ndi yoyera yonyezimira, 1F7 ndi ya siliva, 202 ndi yakuda.

Dalaivala_M1
Za kunyamula anthu ambiri zisiyeni, achimwene. Mtengo wa petulo mukuudziwa, ndipo palibe dalaivala amene amapanikiza anthu chifukwa chokonda.

WaMawaya_Katawa
Sindikukuweruzani, ndikungonena zimene zimafika pa galaja. Giyabokosi siidziwa mtengo wa petulo.

KondakitalaWakale
Ine funso langa ndi la Vanette. Bwana wanga wakale anazungulira mashopu onse kufuna masipeyala a Nissan osawapeza, mpaka wina anamuuza kuti afunse a Mazda. Kodi pamenepa kachitsulo kamati chiyani?

MlangiziWaGalaja
Vanette ya SK82 ndi Mazda Bongo imene inangovekedwa chizindikiro cha Nissan, ndipo injini yake ndi F8 ya Mazda, ya petulo ya 1.8. Ya dizilo ya SK22 ili ndi R2 ya 2.2, ya Mazda yomweyo. Apa ndi pamene nambala imaposa dzina lolembedwa kumbuyo kwa galimoto. Passo yoyamba nayo inapangidwa ndi Daihatsu, ndipo ya QNC10 ili ndi K3-VE, injini ya dzina la Daihatsu, ngakhale pa boneti pali chizindikiro cha Toyota.

Palinso msampha wina, pamene dzina la injini ndi limodzi koma zinthu n'zosiyana. Honda Fit ya GD1 ndi ya GE6 zonse zimalembedwa L13A. Ya GD1 ili ndi mapulagi asanu ndi atatu, awiri pa silinda iliyonse, pamene ya GE6 ili ndi anayi. Pa GD1 anthu ambiri amasintha anayi a kutsogolo n'kuiwala anayi a kumbuyo, kenako n'kumadabwa kuti galimoto ikunjenjemerabe. Choncho pa shopu tchulani zonse ziwiri, nambala ya injini ndi ya mtundu wa galimoto.

MayiWaTomato
Ndabwera ndi yankho. Makaniko wapukuta pamalo paja monga munanenera a Sipanala, ndipo palembedwa 1NZ kenako manambala. Ndajambula ndi foni ndipo zikuoneka bwinobwino. Koma mu blue book nambala ya injini ikuyamba ndi 2NZ, ndipo manambala otsatira ndi osiyana kotheratu. Kukula kwa injini analemba 1298. Nambala ya chasisi yokha ndi imene ikugwirizana paliponse, pa kachitsulo, pa thupi la galimoto ndi mu blue book. Kodi ndisangalale kuti ndapeza 1.5, kapena ndalowa m'mavuto?

Dalaivala_M1
Ndiye kuti makaniko uja phazi lake limamva ndithu. Mwapindula, mayi, injini yaikulu ndi imene mumafuna.

EjentiWaSongwe
Ine sindinganene kuti mwapindula mpaka mapepala atakonzedwa. Wogulitsayo sananame pa kukula kwa injini, koma anakubisirani kuti inasinthidwa, ndipo zimenezo si zazing'ono. Pakali pano mukuyendetsa galimoto imene injini yake boma silikuidziwa. Tsiku lina popita ku COF kukayezetsa ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, posintha umwini, kapena apolisi akamafufuza galimoto zobedwa, wina akadzaunika pa buloko mudzafunsidwa kumene injiniyo inachokera, ndipo yankho lakuti ndinaigula ili choncho silidzakuthandizani kwenikweni. A inshulansi nawonso angathe kukuvutitsani pa ngozi akapeza kuti galimoto yolembedwa m'mapepala awo ikusiyana ndi imene ili pamsewu.

Chimene mungachite ndi ichi. Muimbireni wogulitsayo akupatseni lisiti yogulira injiniyo, yokhala ndi nambala ya injini, ndiponso mapepala a kasitomu ngati inachokera kunja, chifukwa injini zambiri zoterezi zimagulidwa ku Tanzania kapena ku South Africa. Ngati inachotsedwa m'galimoto ya konkuno, akuuzeni nambala ya galimotoyo ndi mwini wake. Mukakhala ndi zimenezo pitani kupolisi akaione n'kutsimikiza kuti si yobedwa, kenako ku Road Traffic akasinthe nambala ya injini ndi kukula kwake m'makompyuta awo. Pitani nokha pa kauntala, musapereke mapepala anu kwa madobadoba.

MayiWaTomato
Nanga akakana kapena akanena kuti lisiti inatayika?

MdalaWaHiace
Akatero mupite naye kupolisi iye mwini akafotokoze, mwana wanga, chifukwa amene anaika injini ndi iyeyo kapena amene anamugulitsa iye. Ngati umwini simunasinthe, musasinthe kaye mpaka nkhaniyi itatha, ndipo ngati pali ndalama yotsala musamalize kulipira. Pa pangano lililonse logula galimoto muzilembapo nambala ya chasisi ndi ya injini monga zilili pa chitsulo, osati kungokopera za mu blue book, ndipo mboni zisaine.

Sipanala_Luwinga
Ndiwonjezere chenjezo limodzi kwa onse amene apite kukafufuza nambala zawo akawerenga zimenezi. Mvula ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu zimachititsa dzimbiri pa mabuloko achitsulo monga a L ndi TD27, ndipo nambala imabisika. Musalole mnyamata wa pa galaja kuikapo galainda. Gwiritsani ntchito bulashi ya mawaya kapena sandipepa yosalala, pang'onopang'ono, kenako pakanipo choko n'kupukuta pamwamba kuti choko chitsalire m'zilembo. Pa buloko la aluminiyamu monga la NZ ngakhale sandipepa siifunika. Malo amenewo akaoneka opalidwa ndi makina, wapolisi aliyense adzaganiza kuti munafufuta nambala dala, ndipo mlandu umenewo ndi waukulu kuposa wa injini yosalembetsa. Inunso pogula, mukaona kuti pamalopo ndi ponyezimira mosiyana ndi pozungulira, zilembo n'zokhotakhota kapena zosiyana kukula, kapena kachitsulo kagwidwa ndi marivetsi atsopano, isiyeni galimotoyo ngakhale mtengo ukhale wokoma.

WaMawaya_Katawa
Mayi, mbali ya mapepala yamveka, koma mbali yanga idakalipo. Amene anaika 1NZ m'galimoto ya 2NZ ayenera kuti anasiya kompyuta yakale, chifukwa ambiri amagula injini yokha popanda kompyuta ndi mawaya ake. Injiniyo imalira ndipo imayenda, popeza ziwirizi ndi za banja limodzi, koma kompyuta ya 2NZ inakonzedwera injini ya 1298, ndiye muyeso wa mafuta ndi nthawi ya moto sizikhala zenizeni za 1NZ. Zotsatira zake zingakhale kumwa mafuta mosayenera, kulira kwa injini pokwera chitunda ndi katundu, kapena nyali ya check engine yosazima. Makaniko wanu atulutse kompyutayo awerenge pepala lomatidwapo. Nambala yake imayamba ndi 89661 kapena 89666, ndipo kawirikawiri pamalembedwanso dzina la injini ndi mtundu wa giyabokosi. Aonenso ngati nyali ya check engine imayaka mukatembenuza kiyi injini isanalire, chifukwa ogulitsa ena amachotsa babu lake.

Giyabokosi nayo aifufuze. 1NZ ya otomatiki imayenda ndi U340E, pamene injini zazing'ono monga 2NZ zimakonda kukhala ndi U441E. Ngati anasiya yaing'onoyo, izigwira ntchito, koma inuyo mukufuna kunyamula katundu wolemera mtunda wautali, ndiye muzisintha oyilo wake msanga ndipo musamaikakamize pa chitunda.

Dalaivala_M1
Apa ndiye mukuwaopseza mayiwa. Ndikudziwa ma Probox ndi ma Vitz angapo amene akuyenda chonchi zaka zambiri popanda vuto lililonse.

WaMawaya_Katawa
Akuyenda, inde, ndipo sindinanene kuti ataye galimotoyo. Ndanena kuti adziwe zimene zilimo asanagule kanthu. Kuwerenga pepala la pa kompyuta sikulira ndalama, ndipo ngati kompyuta ya 1NZ ikufunika, mtengo wake ndi umene akakambirane ndi wogulitsayo pamodzi ndi nkhani ya lisiti.

MayiWaTomato
Ndamuimbira. Poyamba anati sakudziwa kanthu, koma nditamuwerengera nambala ziwirizo wavomera kuti injini yoyamba inafa ndipo anagula ina kwa munthu wobweretsa injini kuchokera ku Dar es Salaam. Akuti lisiti ali nayo. Loweruka ndipita ku Karonga ndi mchimwene wanga kukaitenga, ndipo ndamuuza kuti ndalama yotsala ailandira tikamaliza ku Road Traffic. Pakali pano ndikufunabe kuchita sevisi. Pa shopu ndikanene chiyani?

WaZigwagwa
Pa zonse za injini, monga mapulagi, makoyilo, gasiketi ndi tcheni, mukanene 1NZ-FE. Pa mabuleki, mashokapu, mabushi, magalasi ndi nyali mukanene NCP50V ndipo mutenge nambala yonse ya chasisi. Za giyabokosi musagule kanthu mpaka makaniko atatsimikiza kuti ndi iti. Lamba wa alternator ndi mapaipi a madzi mubwere ndi akalewo m'manja tidzayerekeze, chifukwa pa galimoto yosinthidwa injini zinthu zimenezo zimatengera zimene woikayo anapeza tsiku limenelo.

Sipanala_Luwinga
Mukakafika ku Karonga muyerekeze nambala ya pa lisitiyo ndi chithunzi chimene mwajambula pa buloko, chilembo ndi chilembo, musanamupatse chilichonse. Mumufunsenso ngati kompyuta ya injiniyo inabwera nayo limodzi, mwina ili m'nyumba mwake.